Momwe mungawedzere makumba ndi mlamba mu Ruo ndi ndodo ya nsungwi

Anzanga a ku Mangochi amatiseka kuti ife a ku Mulanje nsomba timaidziwira pa msika wa Chitakale, itauma kale. Asekeni. Mitsinje yotsika m'phiri lathuli, Ruo, Lichenya, Likhubula, Thuchila ndi Muloza, ili ndi nsomba zake, ndipo munthu wodziwa pokhala sabwerera chimanjamanja. Ine ndimawedza mu Ruo Loweruka lililonse nyengo ikalola, ndipo zida zanga zonse mtengo wake sufika pa nkhuku imodzi.

Yambani ndi ndodo. Dulani nsungwi yokhwima, yowongoka, yotalika mamita atatu kapena kuposerapo pang'ono, yonenepa ngati chala chachikulu kumunsi, yowonda kunsonga. Isadze masamba, muiyimike pamthunzi sabata ziwiri kuti iume bwino. Yaiwisi imalemera ndipo imapindika osabwereranso. Chingwe gulani cha nayiloni, chija chooneka ngati madzi, pa Chitakale kapena pa Limbuli. Pomanga musangomanga kunsonga kokha. Yambirani pakati pa ndodo, mukulunge mpaka kunsonga, kuti nsonga ikathyoka nsomba isapite ndi chingwe chonse. Chingwecho chilingane kutalika ndi ndodo yanu.

Pa mbedza m'pamene ambiri amalakwitsa. Amagula yaikulu poganiza kuti agwira nsomba yaikulu, n'kumadabwa nyambo ikungotha. Nambala ya mbedza ikamakula, mbedzayo imachepa. Makumba ndi chilunguni kamwa lake ndi laling'ono, choncho tengani nambala 10 kapena 12. Mlamba umameza chilichonse, nambala 2 ikukwanirani. Gulani zingapo chifukwa miyala ya mu Ruo imadya mbedza kuposa nsomba. Pamwamba pa mbedza, mtunda wa chikhatho chimodzi, mangani kanati kakang'ono ka njinga kuti nyambo imire. Choyandamitsa dulani ku patapata wakutha, kachidutswa ngati chala, muboole pakati, mulowetse chingwe n'kutsekera ndi kamtengo ka machesi kuti muzitha kukasuntha. Patapata wofiira kapena wachikasu amaoneka bwino pamadzi.

Nyambo ikonzeni dzulo lake. Nyongolotsi kumbani pansi pa nthochi kapena pamene amayi amatayira madzi otsukira mbale, muziike m'chitini ndi dothi lonyowa. Nthawi ya ngumbi musavutike n'kukumba, palibe nsomba imakana ngumbi. Makumba amakondanso nsima yotsala yokandidwa ndi madeya mpaka imate. Mlamba umatsata fungo: matumbo a nkhuku ogonera, kapena kachidutswa ka sopo wochapira. Za sopozi ndinkaziyesa nthabwala za madala mpaka tsiku lina ndinaona mlamba wotalika ngati mkono wanga ukutuluka m'madzi ndi sopo kukamwa.

Tsopano nkhani yeniyeni, kusankha malo. Munthu mungakhale ndi ndodo ya ku sitolo yokhala ndi chopukusira, koma mukakhala polakwika mudzangoothera dzuwa. Ruo imachokera pamwamba pa phiri, ndiye kumtundaku madzi ndi ozizira, othamanga, oyera moti mwala wapansi mumauona. Kumeneko musataye nthawi ndi makumba. Tsikani kumunsi kumene mtsinje wafatsa, kumene ukuyenda m'malire ndi Mozambique. Yendani m'mbali mwakachetechete muzifuna zinthu zitatu: pamene mtsinje wakhota n'kukumba gombe, pamene madzi akuzungulira kuseri kwa mwala waukulu, ndi pamene mtengo wagwera m'madzi kapena bango lawerama. Nsomba siikonda kulimbana ndi madzi othamanga. Imabisala pambali podikha, n'kumadikira chakudya chobwera ndi mkokomowo. Nyambo yanu igwere pamzere umene madzi othamanga akumana ndi odikha. Mzerewo umaoneka, pamakhala thovu ndi timasamba tikuzungulira.

Chinanso, maiwe amene munkawadziwa kale musawakhulupirire. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anasintha mitsinje yathu. Dziwe limene ndinkagwirapo milamba kwa zaka zambiri lero ndi mchenga wokhawokha, ana akusewerapo mpira, pamene pena panali posaya pakumbika. Mukafika pamalo, yesani kuya kwake ndi chingwe: kwezani kapatapata kaja pang'onopang'ono mpaka kagone chammbali, ndiye kuti nati yafika pansi. Ngati mukufuna mlamba siyani choncho, umadyera pansi. Ngati mukufuna makumba tsitsani kapatapata pang'ono kuti nyambo ilendewere pamwamba pa matope.

Musanaponye, umbani mibulu iwiri ya madeya onyowa ndi dothi, muponye chakumtunda pang'ono kwa malo anuwo. Khalani pansi, chithunzithunzi chanu chisagwere pamadzi, wailesi ya m'foni muzimitse. Nthawi yabwino ndi mbandakucha mpaka cha m'ma 9 koloko, kenako dzuwa likapendeka. Mlamba umadya kwambiri kukamachita mdima, komanso madzi akadetsedwa pang'ono ndi mvula zoyamba. Miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta phiri, makumba sadya kwenikweni. Khalani kunyumba muzimwa tiyi, poti ndiye tili naye wambiri. Kuyambira Seputembala kukatentha zinthu zimasintha.

Kapatapata kakayamba kunjenjemera, mtima m'malo. Kawirikawiri amakhala matemba akujompha. Makumba amakanyamula pang'ono kapena kukakokera chammbali, ndipo pamenepo tukulani ndodo ndi dzanja lokha, osati ndi thupi lonse ngati mukudula mtengo. Mlamba sunyengerera, umangomiza zii. Musaunyamule m'mwamba, nsungwi ithyoka. Usiyeni ukoke, ndodo ili chilili, utope, kenako muukokere pamchenga. Pougwira samalani minga iwiri ya m'mbali mwa mutu. Ine inandibaya pakati pa zala ndili mwana, dzanja linatupa masiku atatu. Ukanikizeni mutu ndi nsanza musanachotse mbedza. Timakumba tosakwana zala zitatu bwezerani m'madzi, ngakhale mphaka sangakhute nato.

Maso anu asangokhala pamadzi, muzicheukira kuphiri. Mvula ikhoza kugwa kumtunda kwa Sapitwa inu muli padzuwa, ndipo madzi ake amafika mwadzidzidzi. Mukaona mitambo yakuda yakuta phiri, kapena madzi ayamba kufiira n'kubwera ndi zinyalala, kapena mwamva mkokomo kumtunda, nyamulani ndodo muthawire pamalo okwera, osadikira nsomba imodzi yomaliza. Amene anaona napolo wa ku Phalombe mu 1991 safuna kuuzidwa kawiri. Musakhale pachilumba cha mchenga nthawi ya dzinja. Kumunsi, kupitirira mathithi a Zoa kulowera ku Chiromo kumene Ruo imathira mu Shire, kuli ng'ona, choncho musaime m'madzi kapena kutsukira nsomba pagombe. M'madzi odikha muli likodzo, kulowamo popanda chifukwa n'kudziputira. Ndipo tsidya linalo ndi dziko la eni, musangowoloka chifukwa mwaona dziwe lokongola.

Madamu a m'maesiteti a tiyi kuno ndi ku Thyolo ali ndi nsomba, ena ali ndi nsomba yolusa ija yotchedwa basi, koma ali ndi eni ake. Kapempheni ku ofesi, musalowe mozemba. Mnzanga wina analandidwa ndodo ndi alonda, nsomba zomwe, n'kubwerera akutukwana njira yonse. Za katupe ndi masikito ndisanene zambiri. Lamulo la za nsomba la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni, ndipo amene amathira katupe m'dziwe amapha ndi tiana tomwe, mawa lake tonse tilibe powedza.

Mukafika kunyumba, makumba palani mamba, muwatumbule, mchere, pamoto. Mlamba ndiye umafuna ntchito. Umapirira kunja kwa madzi kwa maola ambiri chifukwa umapuma mpweya, ndiye musadabwe kuupeza ukuphiriphithabe m'thumba. Umenyeni pamutu, muupake phulusa lambiri kuti kuterera kuchoke, mutsuke, mutumbule. Ngati ndi waukulu upindeni mchira ufike kukamwa, mubaye ndi kamtengo, muuwambe pamoto wa utsi usiku wonse. Mawa lake muphike ndi tomato ndi anyezi, mutu musungire agogo.