Kasamalidwe ka njinga ya trials ndi kasankhidwe ka zipangizo zake

Malangizo awa ndi a inu amene mwagula njinga ya trials, ija yolumphila pa miyala, pa zipika ndi pa zipupa osaponda pansi. Masewelawa anayambila ku Catalonia, m'dziko la Spain, ca m'ma 1970. Pere Pi, wa ku kampani ya njinga zamoto ya Montesa, anakonza kanjinga ka mawilo a mainchi 20 kochedwa Montesita, ndipo mwana wake Ot Pi ndiye anadzachuka kwambili pa masewelawa. Musadabwe kuona kuti yanu ilibe cishalo. Si ya ulendo, ndipo si yonyamulila makala. Pa njinga wamba, cheni ikaduka mumangotsika n'kuyamba kukankha. Pa iyi imaduka muli pamwamba pa mwala, thupi lonse litatsamila pa pedulo imodzi. N'cifukwa cake cheni, freewheel (kacipangizo ka mano kolola wilo kuzungulila mapedulo ataima) ndi buleki yakumbuyo ndizo zofunika maso anu kuposa zina zonse, ndipo pa zitatuzi musaumile ndalama.

Yambani mwapima

Njingazi zilipo za mawilo a mainchi 20, za 26, ndi za 24 zoseweletsa m'tauni. Msampha uli pa ya 20. Wilo yake yakutsogolo ndi ya mainchi 20 ndithu, koma yakumbuyo nthawi zambili ndi ya 19, yaifupi ndi yonenepa, ngakhale matayala ena akumbuyoko amalembedwa 20x2.5. Osakhulupilila manambala akuluakuluwo. Funani tumanambala tating'ono ta m'mbali mwa tayala: 406 ndi limu ya mainchi 20, 387 ndi ya 19, 507 ndi ya 24, ndipo 559 ndi ya 26. Tayala la BMX limene mungapeze m'mashopu a ku Kamwala, mu Lusaka, ndi la 406. Kutsogolo lilowa, koma kumbuyo lidzangokhala lende, ngakhale wogulitsa alumbile motani.

Pimaninso mpata wa fulemu pomwe pamalowa habu yakumbuyo. Pa njinga zambili za 20 ndi mamilimita 116, pa za 26 kawilikawili ndi 135, koma zilipo za 26 zokhala ndi 116. Tengani lula, musaganizile. Mahandulo ambili amamangidwa pa mamilimita 31.8. Magiya ozoloweleka ndi mano 18 kutsogolo ndi 12 kumbuyo pa ya 20, ndipo 18 ndi 15 pa ya 26. Mukasintha mano, utali wa cheni usinthanso.

Buleki yakumbuyo

Buleki ya njinga iyi nchito yake si kucepetsa liwilo. Iyenela kugwila wilo kuti nga, osalola kuti isunthe ngakhale pang'ono pamene mwaima ndi wilo yakumbuyo m'mphepete mwa mwala. Yofala kwambili ndi Magura HS33, yoyendela mafuta, imene imapana limu ndi mphila ziwili. Ikani mphilazo kuti zikhudze limu mofanana, nkhope yonse nthawi imodzi, ndipo musiye mpata wa milimita imodzi kapena awili mbali iliyonse. Mphila yokhala mopendama imatha mbali imodzi ndipo imateleleka.

Pa mafuta pamafunika kusamala kwambili. Mabuleki a Magura ndi a Shimano amafuna mineral oil basi. Mafuta a mabuleki a motoka, aja olembedwa DOT, amapezeka pa filingi siteshoni iliyonse, ndipo n'cifukwa cake anthu amakopeka nao, koma amatupitsa ndi kuononga tumphila ta m'kati mwa buleki. Mabuleki a kampani ya Hope ndiwo amafuna DOT. Welengani zolembedwa pa buleki yanu musanathile kanthu. Ngati cogwilila cayamba kufewa ngati siponji, mwalowa mpweya, ndipo uyenela kucotsedwa musanakwele.

Okwela ambili amakhakhalitsa limu ndi grinder kuti mphila izigwila bwino, makamaka m'nyengo ya mvula. Cotsani tayala ndi chubu, gonekani wilo pansi, valani magalasi oteteza maso. Gwilani grinder mopendamitsa, muiyendetse mopepuka kuzungulila limu kamodzi kokha, osaima pamalo amodzi. Mukatha, gwilani ndi cala: pazimveka tumizele tosongoka, ngati lilime la mphaka. Kumbukilani kuti nthawi iliyonse mukucotsako citsulo. Limu ikapyapyala, kapena mukaona mng'alu pafupi ndi masipoko kapena pa mabowo ake, yatha nchito. Ena amapaka phula pang'ono pa limu m'malo mokhakhalitsa. Limagwila ndithu kukauma, koma ndi fumbi la mu Okutobala limasanduka phala lakuda, ndipo likanyowa silithandiza. Buleki yabwino pa limu yokhakhala imalila mokweza. Anansi angadandaule, koma si vuto.

Ngati yanu ndi buleki ya disiki, lamulo ndi limodzi: mafuta alionse asakhudze disiki kapena mapadi. Pukutani ndi sipiliti ndi kansalu koyela. Mapadi amene amwa mafuta sacila, tayani.

Freewheel ndi cheni

Pa njinga zambili za mpikisano freewheel ili kutsogolo, yomangidwa pa crank, mkono uja wogwila pedulo. Kutanthauza kuti wilo yakumbuyo ikamazungulila, cheni nayo imayenda ngakhale simukuchova. Samalani zala popukuta, ndipo zingwe za nsapato muzilowetsa m'kati.

Pogula freewheel muona manambala ngati 72, 108 kapena 135. Awa ndi malo amene imagwilila pa kuzungulila kumodzi. Ya 108 imagwila pedulo ikangosuntha madigili atatu ndi pang'ono, ndipo izi zimathandiza podumpha mutaima. Komabe nambala yaikulu si umboni wa kulimba. Kwa amene akuphunzila, ya 72 yopangidwila trials ndi yokwanila, pomwe freewheel ya njinga wamba, ngakhale ilowe bwino pa mazinga, musaiyese n'komwe. Yatsopano muiyambe pang'onopang'ono masiku oyamba, cifukwa gilisi wa ku fakitale amatha kumata tumano ta m'kati. M'kati mwake dontheselani oilo wopepuka, osati gilisi wolimba. Ikayamba kuphonya, ndiye kuti mukaponda pedulo imalila kuti tha n'kupita yokha, tsikani. Tsukani, ikaninso oilo, yesani pamalo athyathyathya. Ikaphonyanso, sinthani. Pomanga yatsopano pakani gilisi pa mazinga, cifukwa imadzimanga yokha nthawi zonse pamene mukuchova, ndipo tsiku lomasula mudzafunika vaisi ndi mpaipi wautali.

Cheni ikhale ya giya imodzi, yonenepa, ndipo ambili amasankha ya 1/8. Lumikizani ndi pini pogwilitsila nchito cida codulila cheni, osati misomali ndi hamala, ndipo kolumikizila ka kapani kaja n'kosadalilika pa njinga iyi. Popima kutha kwake, mapini 24 kucokela pa pini yoyambila ayenela kukwana mainchi 12. Akapitilila ndi milimita imodzi ndi theka, yatha. Koma cheni ya trials kawilikawili imaduka isanatalike, cifukwa ca kukokedwa mwadzidzidzi ndi kugunda miyala. Muziiyang'ana mfundo ndi mfundo pa kuwala, kufuna tuming'alu pafupi ndi mapini. Amene amakwela masiku onse amasintha pakapita miyezi yocepa ngakhale ioneke bwino. Pokoka cheni, zitsulo zija zooneka ngati nkhono pa akiselo yakumbuyo zikhale pa mano ofanana mbali zonse ziwili kuti wilo isapendame. Zungulitsani mapedulo, pezani pomwe cheni yakungika kwambili, ndipo pamenepo izisuntha pang'ono cabe. M'nyengo ya fumbi, ikani oilo usiku, m'mawa pukutani yense wa kunja. Oilo wotsala ndi mcenga amapela cheni ngati mphelo.

Mpweya, mabauti ndi fulemu

Matayala amakhala ofewa kuposa a njinga wamba kuti azikumbatila mwala. Yambani ndi mpweya woculukilapo, muzicotsa pang'onopang'ono. Mukamva limu ikugunda podumpha, kapena chubu caboola tumabowo tuwili toyandikana ngati polumidwa ndi njoka, mwacepetsa kwambili.

Musanakwele, yesani mabauti a mahandulo, a crank, a mawilo ndi a mabuleki. A pa mahandulo ambili amafuna 5 kapena 6 Nm (muyeso wa mphamvu yomangila bauti), a crank 35 mpaka 40, koma cimene calembedwa pa cipangizoco ndico mutsatile. Crank ikagwedela musakwele nayo, tsiku limodzi lokha limakwana kudya mano ake. Pedulo yakumanzele imamangidwa mobwelela, musalimbane nayo. Tumisomali ta pa mapedulo tumasenda msongolo mpaka fupa, conco zoteteza miyendo ndi helemeti zikhale pathupi.

Kamodzi pa sabata tsukani njinga ndi madzi a m'ndowa ndi sopo, osati a mpope wamphamvu wotsukila motoka. Ikauma yang'anani moocelela monse: pansi pa khosi la fulemu, pomangila mabuleki, pafupi ndi crank, ndi pamwamba pa foloko. Mng'alu pa aluminiyamu umayamba ngati katsitsi kakuda kosacoka popukuta. Ukaoneka, musapite nayo kwa oocelela mageti. Aluminiyamu wa fulemu amalimbitsidwa ndi moto wopimidwa ku fakitale, ndipo mukamuocelela wamba amafewa pambali pa cilondaco n'kudzathyoka pomwepo.

Zipangizo zambili za njingayi muzidzaitanitsa kunja, ndipo zimatenga masabata kuti zifike. Poitanitsa cinthu cimodzi, onjezelani cheni ina, mphila za buleki, kabotolo ka mafuta oyenela, ndipo ngati yanu ndi ya 20, chubu ndi tayala la 387.