Kamangidwe ka mbedza ya choyandama powedza crappie

Mwafunsa mmene amamangira mbedza yowedzera crappie, nsomba ya m'nyanja za ku United States ndi Canada.

Yambani ndi kamfundo pachingwe. Kameneka ndi kamene kamaimitsa choyandama, ndiye mumakasuntha malinga ndi kuya komwe mukufuna. Lowetsani kamkanda, kenako choyandama chotsetsereka. Kunsonga mangani mbedza yopyapyala, nambala 2 kapena 4, n'kufinyira kamtovu masentimita 30 pamwamba pake.

Nyambo ndi kansomba kamoyo. Kabayeni kumsana osakhudza fupa, kuti kazisambirabe.

Ponyani pafupi ndi mitengo yomira. Nyamboyo ilendewere pamwamba pang'ono pa nsombazo, poti crappie imadya choyang'ana m'mwamba. Choyandama chikamira, kapena chikangogona chammbali, kokani mofatsa. Zokoka mwankhanza ayi, milomo yake ndi yopyapyala ngati pepala, sichedwa kung'ambika.