Chigamba chopanda singano

Buluku la sukulu la mwana wanga linang'ambika pabondo Lamlungu madzulo, atelala atatseka kale. Singano ine ndi yosayanjana nane. M'nyumba munali kampukutu ka tepi yoyera yopyapyala ngati ukonde wa kangaude, imene m'mashopu a ulusi amati hemming tape. Ndi guluu wouma amene amasungunuka akamva moto, n'kugwira nsalu mbali zonse ziwiri.

Poyamba ndinalakwitsa. Ndinadula chigamba cha makona anayi, n'kumayendetsa nsimbi ngati ndikusita malaya. Chinasendera pambali, ndipo nditachikoka chikadali chotentha chinangomatuka.

Kachiwiri ndinatembenuza buluku, ndinameta ulusi wolendewera, n'kulumikiza milomo ya pong'ambikapo. Chigamba ndinachidula pa buluku lakale la mtundu womwewo, chopitirira bowo ndi zala ziwiri mbali zonse, makona ndinawazungulitsa chifukwa kumatuka kumayambira pamenepo. Tepi ndinaiyala m'mphepete mokhamokha. Ikafika pabowo guluu amatulukira kunja n'kuuma ngati mamina.

Pamwamba ndinayala kansalu ka thonje konyowa pang'ono. Osadumpha zimenezi: nsalu ya yunifolomu nthawi zambiri imakhala ndi poliyesitala, ulusi wonga pulasitiki umene umasungunuka moto ukachuluka, ndipo nsimbi ya makala ilibe kabatani kochepetsera moto. Ndinakanikiza malo amodzi n'kuwerenga mpaka 15, kunyamula, kukanikizanso pena, osakhutiza. Kenako ndinalisiya lizizire bwinobwino ndisanaligwire.

Lachapidwa kanayi, ndi madzi ozizira, litatembenuzidwa, osalimenyetsa pamwala. Kona imodzi yayamba kusuzumira, ndaikanikizanso dzulo.