Vuto la wailesi ya m'boti si mawati, kwezani eriyo

Mwera wa chaka chino wandionetsa chinthu chimene chikundisowetsa tulo. Kuyambira mwezi wa June ndayenda m'madoko angapo kuno kunyanja, ndipo ndakondwa kuona kuti eni maboti a injini ena ayamba kugula wailesi za VHF, zija timazitcha za ovaova. Foni imatha netiweki mukangolowa pakati pa nyanja, tonse tikudziwa, choncho maganizo ogula wailesi ndi abwino. Chimene chikundipweteka mtima ndi funso limene aliyense akundifunsa ndikangofika padoko: "Alangizi, iyi ndi ya mawati angati? Kodi palibe ina yamphamvu kuposa iyi?" Palibe ndi mmodzi yemwe amene wandifunsa kuti eriyo aiike pati. Ndipo ndikasuzumira m'boti, eriyo ija ndimaipeza itamangidwa ndi mphira m'mbali mwa thabwa lokhalira, msinkhu wake wosapitirira m'chiuno mwa munthu, ina itagonekedwa chopendeka kuti isamakole ukonde wa chilimira.

Ndanena m'misonkhano ya BVC, makomiti aja oyang'anira za usodzi padoko, mpaka mawu kusasa, ndibwerezanso pano. Mawu a wailesi ya VHF amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi. Wailesi zimenezi zimagwira ntchito pakati pa 156 ndi 162 MHz, ndipo mafunde a pamenepa sabwerera kuchokera kumwamba monga amachitira mawailesi a shotiwevu amene makolo athu ankamvera usiku. Nyanja nayo si yathyathyathya ngati mphasa. Imapindika pamodzi ndi dziko. Inu nomwe mumaona Ilala ikamabwera: choyamba kuoneka ndi nsonga yake, thunthu lake limatulukira pambuyo, ndipo mwana amene wakwera pachulu amayamba kuiona iyeyo ife a pamchenga tisanaione. Pakati pa inu ndi mnzanu amene ali kutali pali linunda la madzi. Eriyo ikakhala pansi, mawu anu akukagunda linunda limenelo, kaya mwawakankha ndi mawati 5 kaya 25.

Manambala ake ndi awa, ndipo ndikufuna muwaloweze pamtima monga mudalowezera mtengo wa chigoba cha usipa. Eriyo imene ili mita imodzi pamwamba pa madzi imaona makilomita 4 okha. Ikakwera mamita 4 imaona makilomita 8. Pa mamita 9 imafika 12, pa mamita 25 imafika 20. Mtunda umene anthu awiri angamvane mumaupeza pophatikiza za mbali zonse ziwiri. Maboti awiri amene maeriyo awo ali pa mita imodzi amamvana makilomita 8, basi. Onse atakweza pa nsungwi ya mamita 4, amvana makilomita 16. Boti la eriyo ya mamita 4 ndi munthu wa kumtunda amene waima pakaphiri ka mamita 25, amvana makilomita 28. Onani bwino pamenepa: sitinawonjezere wati ndi imodzi yomwe. Tangodula nsungwi.

Tsono mawati amachita chiyani? Sindikunena kuti alibe ntchito. Mukakhala chakumapeto kwa mtunda umene eriyo ikuona, mawati 25 amathandiza kuti mawu anu amveke bwino pakati pa phokoso lija la shiii. Koma phindu lake ndi lochepa poyerekeza ndi ndalama zimene mukutaya. Ngakhale pamalo poyera, popanda chotchinga chilichonse, kuti mtunda uwirikize kawiri pamafunika mphamvu yowirikiza kanayi, ndipo pamwamba pa madzi, eriyo ili pansi chonchi, kanayi komweko sikukwanira. Chinanso chimene anthu saganizira n'chakuti mawati ndi a pakamwa pokha. Sathandiza khutu. Mungakuwe ndi mawati 25, koma ngati eriyo yanu ili pansi ndipo waya wake ndi wovunda, yankho la mnzanuyo simulimva. Mudzangoti sakundiyankha, pamene iye akuyankha mpaka kulira.

Ndikufotokozereni za bambo wina wa chilimira, padoko lina cha ku Nkhotakota, dzina ndisunga. Munthu wakhama, wosamwa, amene anyamata ake amamulemekeza. Usipa utagwa bwino adagula wailesi yeniyeni ya m'boti ya mawati 25, ndi ina ya m'manja kuti mwana wake wamkulu azikhala nayo kumtunda. Tsiku limene adandionetsa ndidamuuza kuti, "Bambo, wailesi mwagula yabwino, koma eriyoyi ikwere." Adaseka nandigwira paphewa. "Alangizi, wogulitsa wandiuza kuti iyi ndi yomaliza, ikhoza kumveka mpaka ku Mozambique. Nanga mtengo m'boti ngwachiyani, tikufuna kuyanika zovala?"

Mu July injini idawathimira usiku, mwera utayamba mwadzidzidzi, ali pafupifupi makilomita 15 kuchokera kugombe. Siginala, uja amakhala m'bwato la nyale kukopa usipa, anali atakwera kale m'boti lalikulu, bwato lake likukokedwa kumbuyo. Adaitana. Mwana uja anali padoko ndithu, wailesi ili yoyatsa, atakhala pamchenga pafupi ndi moto, kawailesi kali pamwendo. Eriyo ya bambo ake mita imodzi, yake mwina theka la mita. Werengani nokha. Ndipo boti likatsikira m'chigwa cha pakati pa mafunde, ngakhale mita imodziyo idalibe, eriyo inali kuyang'anizana ndi khoma la madzi. Adakuwa pa mawati 25 mosalekeza mpaka batire lidatha, batire lomwelo limene linali litayatsa kale nyale za usipa kwa maola angapo. Kutacha, abale adasonkha ndalama za mafuta, maboti awiri adatuluka kukafuna mosadziwa kolowera, ndipo adawapeza madzulo atatengedwa kutali chakumpoto, ali amoyo onse, tithokoze Mulungu. Koma chilimira adachitaya m'madzi kuti boti lipepuke, bwato la siginala lidaduka chingwe, ndipo ngongole ya mafuta aja akubwezabe mpaka lero.

Nditapita kukamuona, ndidapempha kuti ndione botilo. Waya wa eriyo anali wautali mamita 20, chifukwa adamugula choncho ndipo adaona ngati kumudula ndi kuwononga ndalama. Adamukulunga nkhata namuika pansi pa thabwa, m'madzi aja amakhala pansi pa boti osakanikirana ndi petulo ndi mamba a nsomba. Pamalo ena makoswe adaluma, mnyamata wina n'kulumikiza popotokola ngati waya wa nyale, n'kukulungapo pepala la jumbo. Nditasenda pang'ono, ulusi wa kopa wa m'kati unali wobiriwira, wina wakuda, ukuyoyoka m'zala ngati fodya wouma. Bambo uja adangoti, "Safunsa anadya phula, alangizi." Sindidamuyankhe, chifukwa kufunsa adafunsa, koma adafunsa wogulitsa.

Nkhani ya wayayi ndiyo imandikwiyitsa kwambiri, chifukwa apa ndi pamene mawati amene mwagulawo akuthera. Waya wopyapyala uja wolembedwa RG-58, ngakhale ali watsopano, mamita 15 okha amadya pafupifupi theka la mphamvu ya wailesi. Mwalipira mawati 25, ofika pa eriyo ndi 12 kapena 13. Madzi akalowamo, otsalawo amatha ndithu, ndipo kutayika komweko kumachitikanso pa mawu amene akubwera kwa inu. Waya wa eriyo si waya wamagetsi woti mungalumikize ndi mano. M'kati mwake muli mtima ndi chikopa chozungulira, ndipo ziwirizi siziyenera kukhudzana kapena kunyowa. Wailesi ikamakankha mphamvu m'waya wowonongeka, mphamvu ina imabwerera n'kumaitenthetsa, mapeto ake mudzati adakugulitsani yabodza.

Ndikudziwa chimene chimakunamizani. Wina adandiuza motsimikiza kuti iye ali ku Senga Bay adamvapo anthu akulankhula kutali kwambiri, kuposa manambala ndatchulawa. Sindikumutsutsa. Masiku a bata, kukatentha ngati mu October, mpweya wofunda umagona pamwamba pa mpweya wozizira wa pamadzi, ndipo mafunde a wailesi amatha kutsata mpata umenewo n'kufika kutali modabwitsa. Koma tsiku lotero nyanja ili phee, simukusowa thandizo la munthu. Tsiku la mwera mphepo imasakaniza mpweya wonse, mwayi umenewo palibe. Musayese wailesi yanu tsiku labwino n'kuikhulupirira pa tsiku loipa. Nyanja yathuyi malo ena ndi yotambalala makilomita pafupifupi 75, si dziwe.

Ena ayamba kufunsa za mabusita, akuti awonjezere mphamvu ifike mawati 50 kapena 100. Lekani zimenezo. Wailesi za VHF za m'maboti zimapangidwa kuti zisapitirire mawati 25, ndi malire amene maiko adagwirizana, ndipo kuno kwathu nkhani za mafunde a wailesi ndi ziphaso zake zili m'manja mwa MACRA. Busita idzakudyerani batire, idzasokoneza anzanu, koma linunda la madzi lija silisuntha.

Ndiye pali chizolowezi china chochokera ku mtima womwewo wokonda mphamvu: kusiya wailesi pa mawati 25 nthawi zonse. Boti la mnzanu mukuliona ndi maso, mukhoza kumuponyera chingwe, koma mukumufunsa za fodya pa mphamvu yonse, pa tchanelo 16 pomwe. Batani lolembedwa H/L lija adaliika kuti pocheza ndi wapafupi mutsitse pa wati imodzi. Pa mawati 25 wailesi imakoka pafupifupi maampu 5 m'batire nthawi iliyonse mwadina kuti mulankhule. Choopsa kuposa apo, mawailesi awa anthu awiri akalankhula nthawi imodzi, wamphamvu amakwirira wofooka kotheratu. Tsono ganizani: munthu ali kutali, injini yafa, mawu ake akufika padoko ofooka ngati a mwana wodwala, inu n'kuwapondereza ndi nkhani ya mtengo wa utaka. Tchanelo 16, imene ili pa 156.8 MHz, ndi ya ngozi ndi yoitanirana padziko lonse. Mwaitana, mwayankhidwa, samukirani tchanelo ina.

Za kugoneka eriyo nazo ndatopa nazo. Eriyo ya VHF imagwira ntchito itaima chilili. Yanu ikagona pamene ya mnzanu yaima, mphamvu yambiri imatayika, ngakhale mutayandikana. N'chimodzimodzi ndi kawailesi ka m'manja: anyamata amakagwira chopingasa ngati akudya chimanga, mmene amagwirira foni pomvera uthenga wa WhatsApp. Imikani. Ndipo imirirani polankhula ngati nyanja ikulola, chifukwa kuchoka pokhala kufika poima mwawonjeza kale mtunda.

Komanso musatengeke ndi maeriyo aatali olembedwa 9 dB poganiza kuti nambala yaikulu ndiye yabwino. Eriyo sipanga mphamvu, imangoiphwatalitsa. Ya 9 dB imaponya mawu mopyapyala ngati mbale yathyathyathya, zimene zili bwino pa nyumba ya kumtunda imene sigwedezeka. Boti lathu la matabwa likamavina pa mwera, mbale ija mbali ina ikuloza kumitambo, mbali ina m'madzi, ndipo womvera amangomva mawu oduka-duka. Ya 3 dB, ija yotalika ngati mita imodzi, ndiyo yoyenera boti logwedezeka, bola ikhale pamwamba.

Zochita zake si zambiri, ndipo zina mukuzidziwa kale. Pezani nsungwi yokhwima kapena paipi ya mamita 3 kapena 4, muimange molimba pamalo pamene chilimira sichidutsa, eriyo ikhale pansonga, itaima, kutali ndi zitsulo zina. Ngati ikusokoneza pokoka, pangani yoti muzizula ndi kudzika, koma ikhale yodzika poyenda ndiponso nyengo ikangoyamba kusintha. Waya akhale wamfupi mongokwanira, wopanda mfundo, wosagona m'madzi, ndipo ngati mtunda ndi wautali gulani wonenepa monga RG-213. Polumikizira pamangidwe ndi tepi ya mphira kuti madzi asalowe, muzipamasula kamodzi pamwezi kuona ngati sipanachite dzimbiri. Musadine batani lolankhulira eriyo isanalumikizidwe. Wailesi ikhale ndi batire lakelake, losiyana ndi la nyale.

A BVC, mbali yaikulu ndi yanu. Sankhani malo okwera pafupi ndi doko, kaya ndi kaphiri, kaya nyumba ya pamtunda, muimikepo mlongoti, ndipo pakhale munthu womvera usiku wonse maboti akakhala pamadzi, mosinthana. Eriyo imodzi yokwera kumtunda imathandiza maboti onse a padoko nthawi imodzi. Boti lililonse liziyesa kuitana likafika pamalo pamene limaponya, osati lili pamchenga, ndipo pamene mawu ayamba kuduka muzipadziwa. Ndidzakhala ndi mita yoyezera maeriyo pa msonkhano wa padoko, amene muli ndi wailesi mubwere nazo pamodzi ndi waya wake yense, ngakhale uja mwamubisa pansi pa thabwa.