Momwe mungaimbire chitoliro cha magetsi pa kompyuta m'situdiyo ya pakhomo

Sakisofoni ndinaiphunzira m'gulu la oimba la kutchalitchi kwathu, koma nditalowa m'nyumba ya lendi ya mdadada, yomwe khoma timagawana ndi aneba, zoyeserera usiku zinathera pomwepo. Timabango ta pakamwa pa sakisofoni natonso kuno sitipezeka wamba. Kamodzi kakang'aluka umadikira munthu wochokera ku Joni. N'chifukwa chake ndinagula wind controller, imene ine ndimangoitcha chitoliro cha magetsi. Umachiuzira n'kumachigwira ngati sakisofoni, koma mawu amachokera m'kompyuta, ndipo ukavala mahedifoni, mwana wogona chipinda chinacho samva kanthu.

Changa ndi Akai EWI USB, chomwe chinatuluka mu 2008. Pachokha n'chosalankhula. Ntchito yake n'kutumiza uthenga wa MIDI wonena noti yomwe zala zagwira ndi mphamvu ya mpweya womwe mukuuzira, kenako pulogalamu ya synthesizer ya m'kompyuta ndiyo imasandutsa uthengawo kukhala mawu. Anayambitsa EWI ndi Nyle Steiner wa ku America, ndipo Akai inayamba kuzigulitsa mu 1987, chaka chomwenso Yamaha inatulutsa WX7. Amene mumamvera jazi mukudziwa zomwe Michael Brecker ankachita nacho chida chimenechi. Roland inabwera mochedwa ndi Aerophone mu 2016. Kusiyana kwake n'kwakuti Aerophone ili ndi makiyi odinikiza ngati a sakisofoni yeniyeni, pomwe makiyi a EWI ndi tizitsulo tosasuntha, timangomva kuti chala chatikhudza. Ngati munazolowera kugoneka zala pa makiyi musanadinikize, EWI ikuvutitsani masabata oyamba. Ine ndinazolowera ndipo ndimaikonda chifukwa zala zimathamanga mopepuka.

Pa nkhani yogula, ambirife tidzapeza chogwirapo kale ntchito, kudzera kwa achibale a ku South Africa kapena ku Mangalande. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chogulidwa ndi madola chimapweteka m'thumba, ndiye musaponye ndalama mwachimbulimbuli. Mnzanga wina anatumiza theka la ndalama pa foni kwa munthu yemwe anangomuona pa gulu la malonda la pa intaneti. Katundu anabweradi pa basi, wokutidwa bwinobwino, koma kachipangizo komva mpweya kanali kakufa, ndipo nambala ya wogulitsayo siinapezekenso. Uzani wogulitsa akujambulireni vidiyo akuuzira noti imodzi, kuyamba motsitsa, kukweza, n'kutsitsanso, komanso akuyendetsa chala chachikulu pa timagudumu tonse tosinthira okitevu. Akayamba kuzemba, msiyeni. Muwerengeretu msonkho wa pachipata, ndipo ngati mungathe gulani chapakamwa chatsopano, poti chakalecho chalumidwa ndi mano a munthu wina.

Za kuika DAW (pulogalamu yojambulira nyimbo monga FL Studio kapena Reaper) ndi mapulagini (timapulogalamu towonjezera m'menemo) sindichedwapo, aliyense wopanga mabiti amazidziwa. Ndingonena kuti simukufunika mapulogalamu obedwa aja amene anyamata amakuikirani pa fulashi mumsika. Amabwera ndi mavairasi, ndipo tsiku lina mudzataya nyimbo za makasitomala. Synthesizer ya Surge XT ndi yaulere ndipo ndi yovomerezeka kuitsitsa, chimodzimodzi Dexed, yomwe imatsanzira Yamaha DX7 ya 1983. Vital nayo ili ndi mtundu waulere. Reaper mumaiyesa masiku 60, ndipo laisensi ya munthu wapakhomo ndi madola 60. Bandulo imodzi ya usiku ikukwanirani kutsitsa zonsezi.

Musanalumikize chitoliro, konzani kaye kuchedwa kwa mawu. Pa kiyibodi kuchedwa pang'ono munthu umapirira, koma pa chida chouzira, lilime likamenya noti mawu n'kubwera pambuyo, thupi lonse limasokonezeka. Gwiritsani ntchito ASIO, kapulogalamu koyendetsa mawu mwachangu, ya saundikhadi yanu, kapena ASIO4ALL ngati mulibe, ndipo mutsitse buffer, yomwe ndi kuchuluka kwa tizidutswa ta mawu tomwe kompyuta imasonkhanitsa isanatitulutse. Pa 44,100 Hz, buffer ya 128 imachedwetsa mawu ndi mamilisekondi pafupifupi 3, ya 512 pafupifupi 12, ya 1024 imapitirira 23. Ine ndimakhala pa 128 pojambula. Laputopu ikayamba kuthetheka ndimakweza kufika 256. Mahedifoni a Bluetooth aikeni pambali, amachedwetsa kwambiri. Tengani a waya.

Polowetsa chingwe cha USB, musagwire makiyi kapena chapakamwa. EWI imadziyeza ikangolandira moto, ndipo ikadziyeza zala zili pa zitsulo imayamba kutulutsa manoti osokonekera. Igonekeni pa tebulo, lowetsani chingwe, dikirani timasekondi, kenako nyamulani.

Tsopano pamene ndinagwa. Nditalumikiza zonse mu FL Studio n'kutsegula preset (mawu okonzedweratu) ya lipenga, mawu anatuluka, ndinasangalala. Koma posakhalitsa ndinaona kuti china chake sichili bwino. Kaya ndiuzire pang'onopang'ono ngati ndikuziziritsa phala la mwana, kaya ndiuzire mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, mawu ankangobwera ndi mphamvu imodzimodzi. Noti inkayamba ndi phokoso, n'kuyamba kuzilala yokha ine mpweya ukadali wodzaza m'chifuwa. Zinali ngati munthu wina akudinikiza kiyibodi kuseri kwa chitseko, osati ine ndikuimba. Ndinatha masabata awiri ndikusintha mapreset, ndinagula chingwe china, ndinafika potsimikiza kuti nane andigulitsa chakufa ngati mnzanga uja. Usiku wina ndinachibweza m'katoni n'kuchikankhira pansi pa bedi, mtima ukuwawa poganiza za ndalama zomwe ndinasunga miyezi yambiri.

Chomwe chinandipulumutsa n'kuona ndi maso uthenga womwe chitolirocho chimatumiza. Ndinatseka FL Studio, chifukwa pa Windows yanga mapulogalamu awiri sankatha kugwira chida chimodzi cha MIDI nthawi imodzi, n'kutsegula Reaper. M'menemo muli kapulagini kotchedwa ReaControlMIDI. Mukadina Show Log kamaonetsa chilichonse cholowa. Nditauzira, mizere inayamba kutsika ngati mvula, yonse yolembedwa CC2, manambala akukwera ndikalimbikira, akutsika ndikafewetsa. Chitoliro chinali chamoyo. Wosamva anali synthesizer, ndipo wosadziwa kuilumikiza ndinali ine.

Nkhani yake ili motere. Pa kiyibodi, mphamvu ya noti imayezedwa kamodzi kokha, pomwe chala chagunda, ndipo imeneyi ndiyo velocity. Mapreset ambiri anapangidwira kiyibodi, choncho amangomvera velocity, kenako envelope, yomwe imalamula momwe noti imayambira ndi kuzilalira, n'kumayendetsa mawu yokha. Chitoliro sichitero. Chimatumiza mphamvu ya mpweya mosalekeza, manambala a pakati pa 0 ndi 127, kudzera pa CC2, nambala yomwe MIDI inapatulira mpweya. Synthesizer mukapanda kuiuza chochita ndi CC2, imangoitaya.

Mu FL Studio muli kaye khomo loti mutsegule. Dinani F10, pitani pa MIDI, sankhani chitoliro pa Input, dinani Enable, ndipo muchipatse nambala ya Port, tinene 1. Kenako tsegulani pulagini, dinani kagiya ka pakona, ndipo pa Input port muikenso 1. Manambala awiriwa akafanana, uthenga wonse wa chitoliro umafika kwa pulagini. Ine apa ndinali ndisanaike kalikonse, ndiye manoti ankadutsa, mpweya n'kumatsala pakhomo. Mu Reaper mulibe zimenezi, zonse zimadutsa zokha.

Mukatero, tsegulani Surge XT ndipo muyambe ndi Init Saw, osati preset yokongoletsedwa kale. Play Mode ikhale pa Mono ya Single Trigger, kuti mukamasintha zala mpweya usanaduke, manoti azilumikizana osayambiranso. Pa envelope ya Amp, tsitsani attack mpaka pansi, kwezani sustain mpaka pamwamba, release ikhale yaifupi kwambiri. Apa mukuilanda envelope udindo kuti muupereke kwa mapapo anu. Chotsani mphamvu ya velocity pa Gain. Sankhani filter ya lowpass, yomwe imasefa kuthwa kwa mawu, ndipo mutsitse Cutoff, malire a kusefako, mpaka mawu atatsala pang'ono kuzimiririka. Tsopano yang'anani m'munsi, pa mabatani a modulation, mupeza lina lolembedwa Breath. Limeneli ndiye CC2, analikonzeratu. Lidineni, mulidinenso kachiwiri kuti liyambe kuphethira, kenako kokani Cutoff chokweza. Chitaninso chimodzimodzi pa Gain, mutayamba mwaitsitsa. Uzirani.

Sindidzaiwala noti yoyamba ija. Inayamba ngati kunong'ona, ikutseguka pang'onopang'ono momwe ndinkawonjezera mpweya, mpaka kuwala ngati lipenga, ndipo nditayamba kufewetsa inabwerera nane mpaka zii. Ndinaimba nyimbo ya m'buku la kutchalitchi vesi ndi vesi mpaka batire ya laputopu kutha, poti magetsi anali atazima kuyambira madzulo.

Musathamangire kumangirira mpweya ku Gain yokha. Chida chenicheni ukachiuzira mwamphamvu sichingokwera mawu, chimasinthanso mtundu wa mawuwo, amathwa. Cutoff ndiyo imabweretsa zimenezo, ndipo kwa ine ndiyo yofunika koposa. Tengani nthawi pamenepa, kukoka pang'ono, kuuzira, kubweza pang'ono, mpaka pomwe kuuzira kwapakatikati kukupatsani mawu apakatikati. Ngati manambala akufika 127 musanalimbikire n'komwe, tsitsani breath gain mu pulogalamu yoyendetsera chitolirocho. Ngati mukuchita kutupa masaya kuti mufike 90, ikwezeni. Pa Vital palibe batani la Breath, ndiye dinani kumanja pa Macro, sankhani MIDI Learn, uzirani, kenako kokerani Macro imeneyo ku cutoff. Mapulagini ena amayembekeza CC11 kapena CC1. Musalimbane nawo, ingosinthani nambala yomwe chitoliro chikutumiza.

Zotsalazi n'zazing'ono. Kabowo ka EWI n'kakang'ono, mpweya wonse sungalowemo, choncho lolani wina uzituluka m'mbali mwa milomo, apo ayi mutu uyamba kuzungulira. Chala chachikulu chakumanja chisachoke pa kachitsulo ka kumbuyo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi khungu likauma makiyi amasiya kumva bwino, dzolani mafuta pang'ono ku nsonga za zala. Timanoti tachilendo tolowerera pakati mukamasintha zala timachepa mukakweza key delay pang'ono, ngakhale mankhwala ake enieni n'kuyeserera masikelo mosathamanga. Kunjenjemeretsa mawu kumachitika poluma chapakamwa mopepuka. Malovu amatsikira kunsi kwa chitoliro, ndiye yalani kansalu pamwendo ndipo musaimbe laputopu ili pansi panu.

Pojambula ndimagwiritsa ntchito Reaper, chifukwa imasunga CC2 pamodzi ndi manoti ndipo mzere wa mpweya umaoneka pansi pa manotiwo, mutha kuukonza. Musachite quantize, kuwongola manoti kuti agwere ndendende pa biti, poti manoti akasuntha mpweya umatsalira pomwe unali. Ndikamaliza ndimatulutsa WAV n'kuiponya mu FL Studio momwe muli biti. Malipenga a nyimbo za uzimu ndimawajambula katatu, liwu lililonse palokha, lina kumanzere, lina kumanja, reverb pang'ono pamwamba. Amene mukufuna sakisofoni yomveka ngati yeniyeni, kuli SWAM ya kampani ya ku Italy ya Audio Modeling, yomwe inapangidwira zida zouzira, koma ndi yogula ndi madola ndipo imafuna kompyuta yamphamvu. Ine ndikusungirabe ndalama zake. Pakadali pano Surge XT ndiyo ikugwira ntchito zonse za makwaya omwe amabwera kudzajambula kwathu.