Momwe mungayendere Valletta, doko la ku Malta, m'masiku awiri

Ambiri a ife tinayamba kumva za Malta m'tchalitchi, kungoti dzina linali lina. Pa Machitidwe a Atumwi mutu 27 ndi 28 pali nkhani ya chombo chimene chinanyamula Paulo ulendo wa ku Roma. Namondwe anachiswa, koma anthu onse 276 anapulumukira pa chilumba chotchedwa Melita. Melita ameneyo ndiye Malta wa lero, kachilumba ka pa nyanja ya Mediterranean, kumwera kwa Sicily. Likulu lake ndi Valletta, kamzinda ka miyala yachikasu komangidwa pa mtunda wolowa m'nyanja ngati chala, doko mbali iyi, doko mbali inayo.

Kutalika kwa Valletta ndi kilomita imodzi yokha, kapena kupitirirako pang'ono. Poona kuchepako, alendo ambiri amangothamanga mu msewu waukulu, kujambula zithunzi, n'kumapita. Ine ndikuti mupatseni masiku awiri, muyende wapansi, ndipo mutsikire kumadzi. Mzindawu unamangidwa chifukwa cha doko, ndipo amene sanakwere bwato pa doko lake lalikulu, Grand Harbour, sanauone.

Yambani ndi viza, tikiti ibwere pambuyo

Malta ali mu mgwirizano wa European Union kuyambira 2004, komanso m'chigawo cha Schengen, cha maiko a ku Ulaya amene amalowedwa ndi viza imodzi. Pasipoti ya Malawi kapena ya Zambia imafunika viza ya Schengen, ngakhale mutakhala kuti mumagwira ntchito ku Britain ndi chilolezo chonse. Pempho mungalipereke kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, ndipo musachedwe mpaka kutsala masiku osakwana 15. Adzafuna inshuwalansi yachipatala yofika mayuro 30,000, umboni wa kokagona, komanso sitetimenti ya kubanki.

Ndege yochoka ku Lilongwe kapena ku Blantyre mpaka ku Malta mwachindunji kulibe. Mudzasintha ndege kawiri, mwachitsanzo ku Addis Ababa kenaka ku Rome. Amene muli ku London, ndi maola atatu ndi pang'ono. Bwalo la ndege lili ku Luqa, pafupifupi makilomita 8 kuchokera ku Valletta, ndipo mabasi amakutulani pachipata penipeni pa mzinda.

Zina zidzakupepukirani. Malta anali pansi pa Angerezi ngati ife, ndipo analandira ufulu pa 21 Seputembala 1964, patangotha miyezi iwiri ndi theka Malawi atalandira wake. Galimoto zimayenda kumanzere, mapulagi amagetsi ndi a mano atatu omwe tili nawo kunyumba, ndipo pafupifupi aliyense amalankhula Chingerezi. Chilankhulo chawo cha Chimalta chinachokera ku Chiarabu ngakhale amachilemba ndi zilembo zathu zomwezi. Anthu ake ambiri ndi Akatolika, koma pa Misa mudzamva akutchula Mulungu kuti "Alla". Phunzirani mawu awiri: "bonġu", moni wa m'mawa, ndi "grazzi", zikomo.

Sankhani Loweruka ndi Lamulungu

Mu Julayi ndi Ogasiti kumatentha ngati ku Nsanje, mthunzi ndi wochepa, ndipo miyala imabweza dzuwa m'maso. Epulo mpaka Juni, kapena Seputembala ndi Okutobala, ndiyo nyengo yoyendera. Ngati mungathe, konzani kuti tsiku loyamba likhale Loweruka, lachiwiri Lamulungu. Chifukwa chake muchiona m'munsimu.

Valani nsapato zafulati. Misewu yam'mbali imatsetsereka kulowera kunyanja, ina ndi masitepe okhaokha, ndipo mwala wake ndi woterera chifukwa cha kupondedwa zaka mazana anayi. Amayi ikani chitenje m'chikwama, chidzakuthandizani kuphimba mapewa polowa m'matchalitchi.

Loweruka m'mawa: chipata ndi tchalitchi cha Yohane

Lowani pa City Gate isanakwane 9 koloko, sitima zikuluzikulu za alendo zisanakhuthule anthu. Powoloka kamlatho ka pachipata, suzumirani pansi muone ngalande yakuya imene inasemedwa m'thanthwe kuti mdani asafike pa linga. Kudzanja lamanja kuli nyumba ya malamulo imene inatsegulidwa mu 2015, yokonzedwa ndi katswiri wa ku Italy Renzo Piano.

Kuti mumvetse zimene maso anu akuona, gwirani mbiri iyi. Mu 1530 mfumu Charles V ya ku Spain inapereka Malta kwa gulu la ankhondo achipembedzo, a Order of St John, ndipo msonkho wake unali mbalame imodzi ya mtundu wa kabawi pachaka. Mu 1565 asilikali a Ottoman ochokera ku Turkey anazinga chilumbachi pafupifupi miyezi inayi, koma analephera. Mtsogoleri wa ankhondowo, Jean de Valette, ataona kuti apulumukira mkamwa mwa mbuzi, anaganiza zomanga mzinda wa malinga pa phiri louma lomwe adani anaikapo mizinga yawo. Mwala woyamba unaikidwa pa 28 Malichi 1566, ndipo mzinda unatenga dzina lake. Bungwe la UNESCO linauika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1980.

Tsatani Republic Street mphindi zisanu, mufika pa St John's Co-Cathedral. Kunja kwake sikukopa konse, ndi khoma lopanda zokongoletsa ngati la kambi ya asilikali. Musabwerere. Lipirani, mulowe. Mkati mwake khoma lililonse linasemedwa n'kupakidwa golide, denga lonse linajambulidwa ndi Mattia Preti moyo wa Yohane Mbatizi, ndipo pansi pamene mukupondapo ndi manda pafupifupi 400 a ankhondo aja, aliwonse ndi mwala wake wa mabo wamitundumitundu. N'chifukwa chake nsapato za gogoda zosongoka saziloleza.

Koma chimene mwadzera chili m'chipinda cham'mbali. Ndi chithunzi chimene Caravaggio, wojambula wotchuka wa ku Italy, anajambula mu 1608, chosonyeza kudulidwa mutu kwa Yohane Mbatizi. Caravaggio anafika ku Malta akuthawa mlandu wakupha munthu ku Rome. Chithunzicho ndi chachikulu, chodzaza khoma, ndipo theka lake ndi mdima. Yohane ali chigonere pansi, wakuphayo akusolola mpeni kumbuyo kwake kuti amalize ntchito, mtsikana watchera mbale, gogo wina wagwira mutu wake ndi manja awiri, akaidi awiri akusuzumira pawindo la ndende. Palibe mngelo, palibe kuwala kochokera kumwamba. Yang'anitsitsani magazi amene akutuluka pakhosi la Yohane: mmenemo ndi mmene wojambulayo analemba dzina lake, ndipo ichi ndi chithunzi chokhacho chimene anasainira. Khalani pamenepo mphindi khumi kapena kuposerapo. Anthu amalowa akucheza, n'kutuluka ali duu. Lamulungu tchalitchichi ndi cha mapemphero okha, alendo odzaona salowa, n'chifukwa chake ndati muyambire pano.

Masana: mzinga, chikepe, bwato

Ikamakwana hafu pasiti 11, lunjikani ku Upper Barrakka Gardens, kadimba ka pamwamba pa linga. Pezani malo pakhonde la kutsogolo. Pansi panu pali Grand Harbour yonse, ndipo tsidya linalo pali timatauni titatu: Birgu, Senglea ndi Cospicua. Nthawi ya 12 koloko, asilikali ovala yunifolomu yakale amaombera mzinga pa malo a mizinga otchedwa Saluting Battery, m'munsi mwa khondelo. Amaomberanso 4 koloko madzulo, kupatula Lamulungu. Kale kulira kwa mzingawo n'kumene oyendetsa zombo ankatcherera mawotchi awo. Ngati muli ndi mwana wamng'ono, mutsekeni makutu.

Utsi ukangotha, khamu lonse limabwerera m'tauni. Inu tsikani. Pakona pa dimbalo pali chikepe chotalika mamita 58 chimene chimakufikitsani kumadzi m'masekondi ochepa. Dutsani msewu, mupeza pokwerera. Pali njira ziwiri zowolokera. Ina ndi feri wamba yopita ku Cospicua. Inayo ndi "dgħajsa", kabwato kamatabwa kopakidwa utoto wowala, kakutsogolo ndi kumbuyo kotukuka, konyamula anthu ochepa. Kwerani kameneka. Ulendo wake ndi wa mphindi zosakwana khumi, mtengo wake ndi mayuro ochepa, ndipo funsani mtengo musanakwere monga muchitira ndi kabaza. Muli pakati pa madzi, chewukani. Malinga a Valletta amaoneka ngati akutuluka m'nyanja momwemo, ndipo mpamene mumamvetsa chifukwa chake zombo za adani zinkachita mantha kuyandikira.

Ku Birgu n'kumene ankhondo aja ankakhala Valletta asanamangidwe. Pa nsonga pake pali Fort St Angelo, linga limene de Valette anatsogolerapo nkhondo ya 1565. Kwerani mpaka pamwamba. Mukatsika, lowani m'timisewu topapatiza ta kuseri kwa bwalo la tauni, kumene anthu amaika maluwa m'miphika pakhomo ndipo amphaka amagona pa masitepe. Kuno kulibe phokoso. Ngati miyendo ikadalipo, zungulirani ku Senglea mukaone kansanja ka mlonda pa Gardjola Gardens, pamene anasemapo diso ndi khutu, kukumbutsa mlonda ntchito yake.

Pa 31 Malichi ndi pa 8 Seputembala pamakhala mpikisano wa mabwato opalasa pa doko lomweli. Mukagwera pa masiku amenewa, mwachita mphumi.

Mudye chiyani

Malo odyera a mu Republic Street ndi okwera mtengo. Chakudya chotsika mtengo chimene a Malta eniake amadya poyenda ndi "pastizzi", tizitumbuwa tokhukhuluka tokhala ndi tchizi kapena nsawawa zophwanya mkati. Gulani awiri kapena atatu ali otentha. Pa nkhomaliro funsani "ftira", buledi wozungulira wopakidwa tomato ndi mafuta a olivi, mkati muli nsomba ya tuna. Chakumwa chawo ndi Kinnie, chopangidwa ndi malalanje owawa. Mkamwa moyamba chimadabwitsa, botolo lachiwiri mumalifuna nokha.

Madzulo yesani "stuffat tal-fenek", kalulu wophikidwa nthawi yaitali mu vinyo ndi adyo, ndiwo imene amainyadira kwambiri. Nsima musaiyembekezere, amaperekera mbatata yakachewere kapena supageti. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa, koma gawo lalikulu amalisefa kuchokera m'nyanja ndipo kukoma kwake si kwa aliyense.

Lamulungu: nsomba m'mawa, Paulo ndi nkhondo masana

Dzukani m'mamawa, mukwere basi pachipata kupita ku Marsaxlokk, mudzi wa asodzi kumwera chakum'mawa kwa chilumba. Lamulungu ndilo tsiku la msika waukulu wa nsomba. Amene munakulira ku Mangochi, Nkhotakota kapena Nkhata Bay mudzamva ngati mwafika kwanu: fungo lomwelo, maukonde oyanikidwa, amayi akutsutsana mitengo. Mabwato awo, otchedwa "luzzu", amapakidwa utoto wabuluu, wachikasu ndi wofiira, ndipo kutsogolo amajambulako maso awiri, mwambo wakalekale woti bwato litetezeke panyanja. Kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka Disembala ndi nyengo ya nsomba yotchedwa "lampuki". Asodzi amayandamitsa masamba a kanjedza panyanja, nsombazo zimasonkhana pamthunzi wake, iwo n'kuzizinga ndi ukonde. Fikani isanakwane 9 koloko. Mukachedwa mupeza nsomba zatha, kwatsala ogulitsa zipewa ndi zikumbutso.

Mukabwerera ku Valletta, funsani njira ya ku tchalitchi cha St Paul's Shipwreck. N'chobisika pakati pa nyumba, mukhoza kuchidutsa osachiona. Mkati amasunga fupa limene amakhulupirira kuti ndi la padzanja la Paulo, ndi chidutswa cha mwala umene amati anamudulirapo mutu ku Roma. Kaya inu mumavomereza zotsalira za oyera kapena ayi, lowani muone mmene anthuwa amaigwirira nkhaniyi. Kwa iwo kusweka kwa chombo chija ndiye chiyambi cha chikhulupiriro chawo, ndipo pa 10 Febuluwale dziko lonse limakhala pa tchuthi, chifanizo cha Paulo chikunyamulidwa pamapewa m'misewu. Malo amene amati chombocho chinaswekera, St Paul's Bay, ali kumpoto kwa chilumba, ndipo basi imafikako ngati muli ndi tsiku lachitatu.

Malizirani ku nsonga ya mzinda, pa Fort St Elmo. Mu 1565 linga limeneli linalimba pafupifupi mwezi wathunthu lisanagwe pa 23 Juni, ndipo mwezi umenewo ndi umene unapatsa a ku Birgu mpata wokonzeka. Lero muli nyumba yosungiramo mbiri ya nkhondo, National War Museum. Onani nthawi yotsegulira pa tsamba la pa intaneti la Heritage Malta, bungwe losamalira malo akale, musanapite. Mmenemo muli mendulo yooneka ngati mtanda, George Cross, imene Mfumu George VI ya ku Britain inapereka kwa anthu onse a Malta mu Epulo 1942, ndege za Germany ndi Italy zitawaphulitsa usana ndi usiku pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Mtanda womwewo ndi umene uli pakona ya mbendera yawo. Chaka chimenecho njala inafika poipa, ndipo mu Ogasiti Angerezi anatumiza zombo 14 za katundu. Zinafika zisanu zokha. Chomaliza chinali Ohio, chonyamula mafuta, chimene chinalowa pa doko pa 15 Ogasiti chitabooka, zombo zina zankhondo zitachigwirizira mbali zonse kuti chisamire, anthu ali m'malinga kuimba ndi kulira. Linali tsiku la chikondwerero cha Maria, ndipo mpaka lero amati "zombo za Santa Marija".

Dzuwa likamapendeka, tsikirani mbali inayo ya mzinda, ku doko la Marsamxett, mukwere feri yopita ku Sliema. Khalani kumbuyo kwa feriyo, nkhope kuloza ku Valletta. Denga lozungulira la tchalitchi cha Akarmeli ndi nsanja yosongoka ya tchalitchi cha Anglican zimaima moyandikana pamwamba pa makonde amatabwa, mwala wonse utasanduka wofiirira ngati uchi. Musanatsike funsani nthawi ya feri yomaliza, chifukwa imasintha malinga ndi nyengo, ndipo mphepo ikakula siyenda. Ikakusiyani, basi yozungulira kumtunda idzakubwezani pachipata chomwe munayambira.