Kuyamba ndi Ufumu wa Mulungu pakhomo, padoko ndi pamsika

Ambirife mawu a pa Mateyu 6:33 tinawaloweza tili ana: "Koma muthange mwafuna Ufumu wake ndi chilungamo chake, ndipo zonse zimenezo zidzawonjezedwa kwa inu." Liwu lolemera pamenepa ndi "muthange". Yesu sakuletsa munthu kufuna ufa kapena chovala. Akunena za chimene chimakhala patsogolo, chimene zina zonse zimayenera kuchimvera. Kuno ku Mangochi sitisowa wotifotokozera za ufumu. Munthu wa kwa Mponda, kwa Chimwala kapena kwa Nankumba amadziwa kuti mlandu ukagamulidwa pabwalo, sutola mawu okukomera n'kusiya okupweteka. Choncho, abale, muyeso wake ndi uwu: pamene kufuna kwanu kwasemphana ndi mawu a Mulungu, kumapambana kwa yani? Kusemphanako kumachitika malo odziwika ndithu, ndipo malo amenewo ndi amene tiyendepo.

Yambani ndi m'mawa. Patulani mphindi 15 musanagwire foni, musanayatse mbaula. Mphindi zisanu werengani, zisanu lingalirani funso limodzi lokha lakuti "lero Mfumu ikundilamula chiyani?", zisanu zotsalazo pempherani. Buku loyambira likhale Mateyu, chifukwa ndi limene limatchula Ufumu kawirikawiri, ndipo lili ndi mitu 28: mutu umodzi patsiku, mwamaliza m'masabata anayi. Pa mutu 5 mpaka 7 ndi pa mutu 13 musafulumire, ngakhale mutakhalapo masiku awiri pa mutu umodzi. Asodzi a usipa amene amachezera panyanja ndi nyali asadzikakamize kuwerenga mbandakucha maso ali olemera ndi tulo. Kwa iwo "m'mawa" ndi pamene adzuka masana, asanayambe kusoka ukonde. Amene sadziwa kuwerenga apemphe mwana wa sukulu awawerengere mokweza, pakhomo ponse papindule. Chimene chimalakwika kwambiri n'kuyamba ndi ola lathunthu chifukwa cha moto wa chitsitsimutso. Pofika Lachinayi munthu watopa, wasiya, kenaka manyazi akumuletsa kuyambiranso. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Popemphera Pemphero la Ambuye, mukafika pa "kufuna kwanu kuchitidwe", imani. Tchulani ndi dzina chinthu chimodzi cha tsikulo chimene mtima wanu ukukaniza: ngongole yoti mubweze, mlamu woti mukamupepese, kasitomala amene munamuonjezera mtengo dzulo. Pemphero losatchula kanthu silivuta kulithawa.

Ndalama

Apa ndi pamene pamaonekera mwini wake wa munthu, n'chifukwa chake pa Mateyu 6:24 Yesu anati sitingatumikire ambuye awiri. Gulani kope la sukulu, mulembe mizere itatu: zolowa, zotuluka pantchito, zotsala. Mwachitsanzo, mayi wogulitsa usipa wouma wapeza K60,000. Nsombayo anaigula K40,000, thiransipoti ndi chiphaso cha pamsika zadya K5,000. Phindu lake ndi K15,000, ndipo ngati amapereka chakhumi, ndi K1,500. Ambiri amalakwitsa powerengera chakhumi pa K60,000 yonseyo, mpamba n'kuyamba kuchepa, bizinesi n'kugwa, iwo n'kumadandaula kuti Mulungu wawataya. Mipingo imaphunzitsa mosiyana pa za chakhumi, ndiye funsani abusa kapena ansembe anu, koma pa 2 Akorinto 9:7 mfundo ndi yomveka: munthu apereke monga watsimikiza mumtima, osati mokakamizidwa. Chofunika n'chakuti gawo la Mulungu lipatulidwe tsiku lomwelo ndalama yalowa, liikidwe pa lokha. Likadikira Lamlungu m'thumba limodzi ndi ya ndiwo, silifika.

Musakongole kuti mupereke. Amene akukuuzani kuti mutenge katapila kapena ndalama ya kubanki m'khonde "mubzale mbewu" kuti ibwerere kakhumi akukuphunzitsani kuchita malonda ndi Mfumu, ndipo mapeto ake ndi mbuzi kulandidwa. Lonjezo lakuti "zidzawonjezedwa" likunena za chakudya, chakumwa ndi chovala, zimene Yesu anangozitchula m'mavesi a m'mbuyo mwake. Galimoto mulibemo.

Kenaka yang'anani miyeso yanu. Miyambo 11:1 imati muyeso wonyenga umanyansa Yehova. Chigoba cha malita asanu chimene pansi pake munapaponda kuti palowe m'kati, chitayeni. Sikelo yogulira nandolo kapena chimanga ku Namwera iyeseni ndi paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi yosatsegula, wogulitsa akuona. Nsomba yoyamba kuonongeka musaibise pansi pa mulu. Eni maukonde a chilimira, alovi (asodzi okugwirirani ntchito) alandire gawo lawo monga munapanganirana, tsiku lomwelo. Deuteronomo 24:15 imalamula kuti waganyu alipidwe dzuwa lisanalowe, ndipo Yakobo 5:4 imati malipiro obedwa amafuula mpaka m'makutu a Ambuye. Pano pali choyenera kudziwiratu: mwezi woyamba phindu litsika, chifukwa mbali ina ya phindulo inali yakuba. Konzekerani zimenezo, muchepetse zogula zina, kuti njala isakubwezereni ku chigoba chakale.

Nyanja ili ndi Mwini wake

Pa Deuteronomo 22:6-7 pali lamulo limene msodzi aliyense wachikhristu ayenera kulidziwa. Munthu akapeza chisa cha mbalame, asatenge make pamodzi ndi ana. Make amusiye apite. Tsono taganizani za chambo. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi tiana take m'kamwa, ndipo nthawi yoswana chimabwera kumadzi osaya. Mukachikola nthawi imeneyo, mukachiponya m'bwato chimalavula tianato pansi, tikuphiriphitha, n'kufera pomwepo. Mwagulitsa nsomba imodzi, mwapha zambirimbiri. N'chifukwa chake boma limatseka nyanja kumapeto kwa chaka, ndipo amene anaona Malombe akale amadziwa chimene kusamvera kunachita ku chambo cha kumeneko. Mkhristu asadikire kuti a BVC (komiti yoyang'anira usodzi padoko) kapena a zausodzi amugwire. Neti yoteteza udzudzu ibwerere pabedi. Ukonde wa maso ang'onoang'ono wokokolola kasawala (tiana ta chambo) usalowe m'madzi.

Chimene chimagwetsa anthu pa nyengoyi si kuuma mtima kokha ayi, ndi kusakonzekera. Kuyambira Ogasiti, mwera ukayamba kuleka, sungani gawo limodzi pa magawo khumi la phindu la ulendo uliwonse, ndipo gulani chimanga mitengo isanakwere. Miyezi yotsekayo ikhale yokonza bwato, yosoka maukonde ndi yolima.

Pali zina ziwiri za padoko zosafunika kuzizungulira. Mankhwala omangirira ku ukonde kapena okwirira pakhomo la golosale ndi kuitana mfumu ina m'dziko la Mfumu yanu. Musawataye mobisa usiku muli nokha, chifukwa mantha amakubwezerani komweko nsomba zikangosowa sabata imodzi. Itanani akulu a mpingo awiri kapena atatu, muulule, muchotse pamodzi, apemphere nanu, ndipo azikuyenderani mwezi wonse wotsatira. Chachiwiri ndi kugulitsa nsomba posinthana ndi thupi la mayi. Bambo wochita zimenezi asiye lero, akayezetse magazi, akauze mkulu wampingo amene angamufunse mafunso olimba. Amayi a mumpingo ogula nsomba aziyenda awiriawiri kapena kusonkha mpamba pamodzi, kuti wina asapanikizidwe chifukwa chochepekedwa.

Zosankha zazikulu, monga ulendo wa ku Joni umene watenga anyamata ambiri m'boma lino, zisagamulidwe usiku umodzi. Dzipatseni masabata awiri. Lembani mayankho a mafunso awa: mapepala oyendera ndi oona? Akazi anu avomera ndi mtima wonse, kapena angokhala chete? Ndani aziyang'anira ana, ndipo mukapemphera kuti mukafika? Ndalama ya ulendo ikuchokera pa kugulitsa munda wa banja? Ngati yankho limodzi likufuna bodza kuti ulendo utheke, ulendowo sunapse. Kambiranani ndi anthu awiri okhwima m'chikhulupiriro, a kumphakati kapena kumlaga kwanu, osati okhawo amene mukudziwa kuti akuvomerezani. Yakobo 4:15 imatiphunzitsa kunena kuti "Ambuye akalola", ndipo mawuwa ali ndi tanthauzo pokhapokha ngati mwakonzeka kumva kuti sanalole.

Ambiri mwa anansi athu kuno ndi Asilamu, ena ndi abale athu a magazi. Ufumu wa Mulungu sukula ndi mikangano ya pamsika kapena chimkuzamawu cholozetsa kumzikiti. Aroma 12:18 imati tikhale mwamtendere ndi anthu onse monga momwe tingathere, ndipo 1 Petro 3:15 imati tiyankhe otifunsa mofatsa ndi mwaulemu. Pitani kumaliro awo. Mukawaitana kuchakudya, nyama ikhale yochinjidwa mwa mwambo wawo, ndipo nkhumba isayandikire miphika. M'mwezi wa Ramadani musadyere pamaso pa mnzanu wosala ngati pali pena pokhala. Akakufunsani za Yesu, nenani zoona zonse, osachotsera.

Loweruka madzulo khalani pansi ndi kope lija kwa mphindi 20, okwatirana akhale limodzi. Onani ngati gawo la Mulungu linapatulidwa, ngati pali waganyu amene sanalandire, ngati pali munthu amene simukulankhulana naye. Wolakwirana naye mumupitire nokha poyamba, monga pa Mateyu 18:15, nkhani isanafike pagulu la WhatsApp. Akakana, mubwererenso ndi mboni imodzi kapena ziwiri. Lembani chinthu chimodzi chokha choti mukonze sabata ikubwerayo, pamodzi ndi tsiku lake ndi dzina la munthu amene adzakufunseni Loweruka linalo ngati mwachita.